Musanalote za Dubai, tengerani ana ku Zanzibar ndi ku Kilwa

Zotsatsa za maulendo a halaal zachuluka m'mafoni mwathu. Chithunzi chake chimakhala chomwechomwecho: hotela yaitali ku Dubai kapena ku Antalya m'dziko la Turkey, dziwe losambiramo amayi okha, tebulo lodzaza zakudya, ndipo m'munsimu mtengo wake m'madola. Bambo wa ana anayi wa ku Mangochi kapena ku Area 25 akawerengera matikiti a ndege a banja lonse, amangotseka foni n'kunena kuti izi n'za anthu ena. Ine ndikukana. Banja lachisilamu la kuno kwathu, lomwe limapezako pang'ono kudzera m'malipiro kapena m'geni, likhoza kutuluka m'dziko muno, kukadya osafunsa kuti nyamayi wazinga ndani, kukaswali mu mzikiti womangidwa zaka mazanamazana zapitazo, ana n'kulawa madzi a nyanja yamchere, zonsezi osagulitsa munda. Malo ake ndi kugombe la Tanzania: Dar es Salaam, Bagamoyo, Zanzibar, ndi Kilwa kwa omwe ali ndi masiku okwanira. Ndipo ngakhale ndalama za Dubai mutakhala nazo, ndikanakuuzanibe kuti yambirani kuno.

Ndiyambe ndi ndalama, pakuti maulendo ambiri amafera pamenepo. Mmalawi salipira viza polowa m'Tanzania; pasipoti yokha imakwanira kukhala mpaka masiku 90. Ndege sikofunikanso. Amalonda athu amapita kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam sabata ndi sabata pa basi, kudzera ku Mzuzu, Karonga, pachipata cha Songwe, Mbeya, Iringa, Morogoro mpaka ku Dar es Salaam. Njirayi ndi yaitali. Kuchoka ku Mbeya kokha kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, ndipo wamalonda amapirira chifukwa mtima wake uli pa katundu. Mwana wa zaka zisanu sangapirire choncho. Dulani ulendowo pawiri, mugone ku Mbeya kapena ku Iringa, mukwere basi ya m'mawa kuti mudutse nkhalango ya Mikumi dzuwa lisanalowe. Msewu waukulu umadutsa pakati penipeni pa nkhalangoyo, ndipo kawirikawiri ana amaona mbidzi, akadyansonga ndi njovu ali pawindo, osalipira kalikonse.

Palinso sitima ya pamtunda ya TAZARA, yomwe imaima pa Mbeya pochoka ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia kupita ku Dar es Salaam. Imachedwa ndipo siyenda tsiku lililonse, choncho funsiranitu masiku ake. Koma ili ndi khalidwe limodzi lomwe banja lachisilamu lingakondwere nalo: m'zipinda zogona amuna ndi akazi sasakanizidwa, pokhapokha banja litalipira chipinda chonse. Banja la anthu anayi likatenga chipinda cha kalasi yoyamba, chomwe chili ndi mabedi anayi, limatseka chitseko, kuyala mkeka, kuswali ndi kugona mwamtendere. Basi siingakupatseni zimenezo.

Vuto lenileni ndi madola. Tonse tikudziwa momwe ndalama zakunja zasowera, makamaka kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tsono pokonza ulendo, lembani padera zinthu zomwe mtengo wake umawerengedwa m'madola. Boti yothamanga yochoka ku Dar es Salaam kupita ku Zanzibar imatenga maola awiri, ndipo mlendo wochokera kunja amalipira madola oposa 30 ulendo umodzi. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linakhazikitsa inshulansi yokakamiza kwa alendo, ya madola 44 munthu wamkulu. Funsani mtengo wa ana ndi wa nzika za SADC musananyamuke. Mukachulukitsa ndi mitu ya m'nyumba mwanu muona nokha kuti chilumbacho ndiye chodula. Nzeru yake ndi kugona masiku ambiri kumtunda, komwe nyumba za alendo ndi chakudya n'zotsika mtengo, n'kupatula masiku atatu kapena anayi a pachilumba. Mchenga woyera ulikonso ku Kigamboni, kungowoloka kuchoka mumzinda wa Dar es Salaam, komanso ku Bagamoyo ndi ku Kilwa Masoko.

Apa ndinene chinthu chomwe otsatsa maulendo satchula. Uhalaal wa ulendo umayambira pa ndalama yomwe mwalipirira tikiti. N'zopanda nzeru kufunsitsa za mpeni wozingira nkhuku pamene ndalama ya nkhukuyo mwakatenga kwa katapila kapena mwabwereka pa chiwongoladzanja. Tili ndi chipereganyu, chomwe chilibe riba: mabanja asanu kapena khumi amasonkha mwezi ndi mwezi, aliyense n'kulandira nthawi yake. Sungani chaka chathunthu ngati kuli kofunika. Ngongole ya sukulu fizi ikadalipo, kapena zakaat simunapereke, ulendo udikire. Nyanja siithawa.

Nanga kumeneko uhalaal uli potani? Ku Dubai kapena ku Turkey munthu amagula uhalaal ngati chinthu chapadera cha m'hotela yodula. Ku Zanzibar ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Pafupifupi anthu onse a pazilumbazo ndi Asilamu, ndipo ambiri amatsata madhhab a Shafi'i monga momwe amachitira Asilamu ambiri a ku Machinga, Mangochi ndi Nkhotakota. Mukalowa mu mzikiti simudzaona chachilendo m'kaswalidwe. Adhana imakudzutsani m'bandakucha, misikiti ili pafupipafupi m'tinjira ta Stone Town, mbali yakale ya mzinda wa Zanzibar, ndipo nyama ya mumsika wa Darajani yazingidwa ndi Msilamu. Madzulo pa bwalo la Forodhani, m'mbali mwa nyanja, pamawotchedwa mishikaki (nyama ya pakamtengo), pamagulitsidwa supu wotchedwa urojo ndi madzi a nzimbe, ndipo mabanja a komweko amabwera ndi ana awo kudzapitidwa mphepo. Chenjerani ndi nsomba ndi nkhanu zomwe zakhalitsa patebulo, ndipo funsani mtengo musanadye. Chakudya chotsika mtengo ndiponso chokoma chili m'malesitilanti momwe amadyera eni mudzi: pilau, biriani, mpunga wa nazi (kokonati) ndi nsomba.

Kusamala kwenikweni kukufunika panjira. Ku Mbeya ndi ku Iringa Akhristu ndi ambiri, ndipo nyama ya nkhumba imakondedwa. Mukaona chikwangwani cholembedwa kuti "kitimoto", dziwani kuti ndi imeneyo. Basi ikaima pa malo odyera ndipo simukudziwa eni ake, nsomba, nyemba, mazira ndi chipisi zilipo. Pa swala, chipembedzo chinamupeputsira kale wapaulendo: amafupikitsa swala za marakaa anayi kukhala awiri, n'kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Ana ambiri amaphunzira zimenezi ku madrasa koma sanazichitepo. Ulendo wotere ndiwo mpata woti azione bambo awo akuzichita.

Sindikufuna kukunamizani kuti Zanzibar yonse ndi madrasa. Chuma cha chilumbacho chimadalira alendo ochokera ku Ulaya, ndipo kumpoto, ku Nungwi ndi ku Kendwa, kuli mabala, nyimbo za usiku wonse ndi anthu ovala zosambira zosabisa thupi. Gombe la kumeneko ndi lokongola, madzi sathawa kwambiri, koma si malo omwe ndingatengereko ana anga achisodzera kukagona. Paje nakonso kwadzaza achinyamata ochita masewera a pamadzi. Midzi ngati Jambiani, Bwejuu ndi Matemwe ndi yodekha. Kum'mawa kumeneku nyanja imaphwa kawiri pa tsiku n'kubwerera kutali ndithu, amayi a m'mudzi n'kulowa ndi zitenje zawo kukasamalira minda ya ndere za m'nyanja zomwe amalima n'kugulitsa. Mayi wovala hijab akalowa m'madzi ndi zovala zake palibe womuyang'anitsitsa, chifukwa eni ake amalowanso choncho. Ana a kunyanja yathu sadziwa za kuphwa ndi kudzala kwa madzi, ndiye muziwayang'anira, ndipo muwagulire nsapato zapulasitiki chifukwa pansi pali tizilombo taminga tomwe timabaya koopsa.

Pogona, nyumba yobwereka yokhala ndi khitchini imapulumutsa ndalama zambiri kuposa zipinda ziwiri za hotela. Koma abambo anzanga, ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati mayi a kunyumba akadzuke m'mawa kuphika, masana kuchapa, madzulo kutsuka mbale inu muli kugombe, ndiye kuti iwo sanapite kutchuthi, angosamutsa khitchini. Konzani kuti chakudya chimodzi pa tsiku mudye kunja, ndipo ntchito zotsalazo mugawane ndi ana okulirapo.

Tsopano ndifike pa chifukwa chenicheni chomwe ndikulimbikira za gombe limeneli. Chisilamu chathu chinadzera kumeneko. Sichinatsike pa ndege kuchokera ku Arabia. Chinabwera wapansi, m'njira za amalonda a minyanga ya njovu, nsalu ndi mikanda. Ayao anali atayenda kale pakati pa nyanja yathu ndi Kilwa kwa mibadwo ingapo. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdallah, wochokera kugombe, anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba, wogwirizana ndi Sultan wa ku Zanzibar. Cha m'ma 1870 mafumu akuluakulu achiyao monga Makanjira analowa Chisilamu, n'kuitana alembi ndi aphunzitsi a Chiswahili. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, yemwe anaphunzitsa mashehe ambiri a m'mbali mwa nyanja, anakaphunzira ku Kilwa. Sikiri yomwe imamveka pa maliro ndi pa ziyala m'midzi yathu, kavalidwe ka kanzu ndi kofia, ngakhale mabwato a matanga omwe ankawoloka nyanja pa Nkhotakota, zonsezi mizu yake ili kugombe. Mwana wa ku Namwera akaima pakhomo losemedwa la ku Stone Town, akuona komwe agogo a agogo ake ankapita. Ku Dubai akaona chiyani chake?

Ndipo zaka za malowa n'zodabwitsa. Ku Kizimkazi, kumwera kwa Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar, kuli mzikiti waung'ono womwe pakhoma lake la ku kibla pali zolemba za chaka cha 500 pa kalendala ya Hijra, chomwe ndi 1107. Anthu akuswaliramo mpaka lero. Kufikako ndi pa daladala (minibasi) kapena galimoto yahayala, ndipo alendo ambiri amangodutsa pothamangira kukaona nyama za m'nyanja. Inu imani, chitani udhu, swalini marakaa awiri, muwauze ana kuti pamene khomali linkalembedwa, Azungu anali asanaganizeko zozungulira Africa. Mu Stone Town momwe, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2000, muli linga lakale lomangidwa ndi Aarabu a ku Oman atathamangitsa Apwitikizi, komanso Beit al-Ajaib, nyumba yomwe Sultan Barghash anamanga mu 1883. Mbali ya nyumbayi inagwa mu Disembala 2020, choncho musayembekeze zambiri kuposa kuiona kunja.

Kilwa ndiye mtima wa nkhani yonseyi, ngakhale kuti ndi komwe kumapita anthu ochepa. Ili makilomita pafupifupi 300 kumwera kwa Dar es Salaam, msewu wa tala, kuwoloka mtsinje wa Rufiji pa mlatho wa Mkapa. Mumagona ku Kilwa Masoko, m'mawa n'kukwera boti kwa mphindi zochepa kupita pachilumba cha Kilwa Kisiwani. Kumeneko kuli mabwinja a mzikiti waukulu womwe mbali yake yakale yatha zaka zoposa 800, womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, nsanamira ndi madenga ake ozungulira zikadali chiimire. Kuli Husuni Kubwa, nyumba yachifumu ya m'zaka za m'ma 1300, ya zipinda zoposa 100 ndi dziwe losambira la ngodya zisanu ndi zitatu. Mzindawu unalemera ndi golide wochokera ku Great Zimbabwe kudzera ku Sofala, unkasula ndalama zakezake, ndipo Ibn Battuta, woyenda maiko wa ku Morocco, atafikako mu 1331 anautama kuti ndi umodzi mwa mizinda yokongola yomwe anaiona. Apwitikizi anauthira nkhondo mu 1505. UNESCO inauzindikira, pamodzi ndi mabwinja a pachilumba choyandikana nacho cha Songo Mnara, mu 1981. Ana athu amakula akumva kuti Afirika wakuda sanamange kanthu kokhalitsa Mzungu asanabwere. Tsiku limodzi pa Kilwa limachotsa bodza limenelo kuposa chaka chonse cha m'kalasi.

Koma njira yomwe inabweretsa Qur'an ndi yomweyonso inatenga anthu. Apa mpomwe ndikufuna makolo achisilamu alimbe mtima. M'zaka za m'ma 1800 anthu zikwizikwi chaka chilichonse ankagwidwa m'madera ozungulira nyanja yathu, Amang'anja, Achewa, Ayao omwe, n'kuyendetsedwa m'magoli mpaka ku Kilwa Kivinje, kenako pa ngalawa kupita kumsika wa ku Zanzibar ndi m'minda ya karafuu, mbewu yokometsera zakudya. Nkhotakota ya Jumbe inali doko lalikulu la malonda amenewa. Ku Karonga, komwe basi yanu idzadutse, Mlozi ankachita zomwezo mpaka pamene anagonjetsedwa n'kuphedwa mu 1895. Ambiri mwa ogula ndi ogulitsa anali Asilamu, ena mwa iwo mafumu omwe mayina awo timawatchula mwaulemu. Sitingaukonde mzikiti wa ku Kilwa n'kutseka maso podutsa pa Mkunazini.

Pa Mkunazini, pakati pa Stone Town, mpomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. Pamalopo a mishoni ya UMCA anamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican, mishoni yomweyo yomwe inadzayamba kumanga St Peter's pa Likoma mu 1903. Ndikudziwa kuti Msilamu wina angazengereze kulowa pa bwalo la tchalitchi. Komatu pamalopo pali nyumba yosonyeza mbiri ya ukapolo, tizipinda tapansi tamdima, ndi chipilala cha anthu omangidwa unyolo m'khosi. Kukaona zimenezi si kupembedza. Ndi kukazonda abale. Mwana wanu akadzafunsa kuti kodi Asilamu ankachitadi zimenezi, muyankheni kuti inde, ndipo kuti kugwira munthu mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lomwe chipembedzo chake chimaletsa. Kuli bwino amve kwa inu, ali chiimire pamalopo, kusiyana n'kuti adzamve kwa munthu wofuna kumunyoza. Ku Bagamoyo, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Dar es Salaam, nkhani ziwirizi zimakumananso: pa Kaole pali mabwinja a misikiti ndi manda a m'zaka za m'ma 1200, ndipo pa mishoni ya Katolika mpomwe Susi ndi Chuma, omwe ankayenda ndi David Livingstone, anafikitsa mtembo wake mu 1874. Chuma anali Myao, wopulumutsidwa m'goli ali mnyamata.

Ena adzati: ngati ndalama ilipo, bwanji osasungira Hajj kapena Umrah? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Hajj ndi nsanamira ya chipembedzo, ndipo yemwe watsala pang'ono kukwanitsa asasokoneze thumba lakelo. Koma tinene zoona, ndalama yotengera banja lonse ku Zanzibar pa basi siifika ngakhale pafupi ndi mtengo wa Hajj ya munthu mmodzi. Kwa mabanja ambiri kusankha sikuli pakati pa Makkah ndi Kilwa; kuli pakati pa Kilwa ndi foni yatsopano, kapena ukwati wodzionetsera. Nayo Qur'an imalimbikitsa anthu kuyenda padziko ndi kuona mathero a omwe analipo kale. Mabwinja a Husuni Kubwa, nyumba ya mfumu yomwe lero mukukhala abuluzi, ndi phunziro lomwelo.

Ena adzati tili ndi Senga Bay, Cape Maclear ndi Nkhata Bay, madzi abwino osawawa mchere. N'zoona, ndipo banja lomwe silinafikepo pa mtengo wa Livingstone ku Nkhotakota liyambe kumeneko. Koma kwathu kuno tili ndi mathero a njira. Chiyambi chake chili kugombe. Komanso mwana wa dziko lopanda doko ayenera kuona ndi maso ake komwe mafuta ndi feteleza wathu amatsikira, aone sitima zikuluzikulu zikulowa pa Dar es Salaam, amve anthu akulankhula Chiswahili n'kumatolamo mawu omwe agogo ake amagwiritsa ntchito.

Pa nyengo, mitengo imatsika kwambiri m'miyezi ya Epulo ndi Meyi chifukwa ndi nthawi ya mvula yaikulu, koma walira mvula walira matope: nyanja imavunduka, ndipo mukhoza kutha masiku muli m'nyumba ndi ana otopa. Kuyambira Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma ndi kozizirirako, ndipo tchuthi chachitali cha sukulu zathu chimagwa mkati mwa nyengoyi, ngakhale kuti mu Ogasiti alendo a ku Ulaya amachuluka n'kukweza mitengo ya pachilumba. Kumapeto kwa Disembala ndiye kodula koposa, kotenthanso. Mwezi wa Ramadhan umabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho yang'anani kalendala. Ku Zanzibar malo ambiri odyera eni mudzi amatsekedwa masana m'mweziwu, zomwe zimavuta ngati muli ndi ana aang'ono. Pewaninso nyengo ya zisankho. Chipwirikiti chomwe chinachitika ku Mozambique kumapeto kwa 2024 ndi ku Tanzania mu Okutobala 2025 chinatseka misewu n'kusiya apaulendo ali kakasi.

Kwa a ku Mangochi ndi Machinga pali njira ina yofupikirapo: kutulukira pa Chiponde, kudzera ku Cuamba ndi Nampula, mpaka ku Ilha de Moçambique, chilumba chomwe UNESCO inachizindikira mu 1991, cholumikizidwa ndi mlatho wa makilomita oposa atatu. Anthu ake ambiri ndi Asilamu achimakua, ndipo kuli linga la São Sebastião ndi misikiti yakale. Chitetezo kumpoto kwa Mozambique chakhala chosokonekera kuyambira 2017 chifukwa cha nkhondo ya ku Cabo Delgado, ndiye mverani nkhani bwino musanasankhe njirayi.

Chomwe chimachedwetsa mabanja ambiri ndi mapepala. Mwana aliyense amafunika pasipoti yakeyake, ndipo simungadalire kuti ituluka m'sabata zochepa, choncho yambani miyezi ingapo tchuthi chisanafike. Tengani makalata obadwira a ana, ndipo ngati kholo limodzi likutsala, lilembe kalata yovomereza. Ngati masiku anu ndi khumi, anayi adzathera panjira. Otsalawo musawamwaze: awiri ku Kilwa, atatu ku Zanzibar, limodzi ku Dar es Salaam kuti mayi akalowe mu Kariakoo. Pa Kilwa Masoko chilolezo cholowera pachilumba chimagulidwa ku ofesi ya boma yoyang'anira mabwinjawo, ndipo mumapita ndi wolondolera alendo wa komweko. Nyamukani m'mamawa, mutenge madzi akumwa okwanira, chifukwa kuchoka pa mzikiti waukulu kukafika ku Husuni Kubwa ndi wapansi ndipo dzuwa la kumeneko silichita chisoni ndi ana.